Anakana Kulalikira Nthochi

Amuna anga anali mlaliki wa kampingo kathu ka Amalawi ku Mbamba Bay. Tinkapemphera m'nyumba ya malata imene kale ankasungiramo usipa wouma, ndipo fungo lake silinachoke ngakhale tinakolopa mpaka manja kusupuka. Ambiri tinali ochokera kutsidya, ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota, ena amalonda a zitenje, ena asodzi. Pamsika tinkayankhula Chiswahili ngati wina aliyense, koma Lamulungu tinkafuna kumva Mawu m'chiyankhulo chimene tinayamwira.

Ubusa sanadzozedwe, ngakhale anthu a kumeneko ankawatchula baba mchungaji, ndiye kuti abusa, iwo osakana. Ntchito yawo inali ya ukalipentala. Chaka china anaitanidwa ku maphunziro a alaliki ku Mbinga, nabwerako ndi katoni ya mabuku: la kakonzedwe ka ulaliki, la mbiri ya mpingo, la kuphunzira Baibulo m'magulu, ndi lina lonenepa la ntchito ya ubusa. Ndisaname, mabukuwo anawathandiza. Kale ulaliki wawo unkayambira pa kulengedwa kwa dziko n'kukathera pa kukwera mtengo kwa petulo, ife tikusinza. Atabwerako ankaima pa ndime imodzi mpaka itatha. Koma anabwerakonso ndi matenda. Chilichonse ankachifunsa kuti chinalembedwa pati. M'buku la mbiri ya mpingo anakondamo nkhani za Akhristu akale amene analola kutenthedwa m'malo monena bodza. Ankatifotokozera tikudya, maso ali ngwee, ndipo ine monga mkazi wawo ndinkaona kuti akulakalaka tsiku lakuti nawonso adzakane kanthu.

Tsikulo linabwera ndi imfa ya mlongo wanga, amene ndinapondana naye. Anali msodzi, ndipo anakwatira mkazi wa ku Ngumbo, wakhama, wogulitsa nsomba zokazinga pamsika. Anali ndi ana awiri. Nyengo ya mwera bwato lawo linagubuduzika kutali ndi gombe. Anzake anapulumuka atakumbatira zigubu, iye sanaonekenso. Asodzi anafufuza mpaka mafuta a injini kuwathera, kenaka anabwerera ku maukonde awo, poti njala siidziwa maliro.

Akuluakulu a kwawo kwa mlamu wanga anabwera kunyumba kwathu ndi ulemu wonse. Anali Akhristu kuyambira makolo awo, sanali anthu a zithumwa. Anafotokoza kuti kwawoko nyanja ikakana kubweza munthu amadula mgomba, thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu yoyera, kuliika m'bokosi ndi kukalikwirira ndi nyimbo ndi mapemphero monga maliro ena onse. Zikatero ndiye namfedwa amametedwa, amasamba, n'kudzuka pamphasa. Popanda manda, mkaziyo sadzuka. Saphika, sapita kumsika, sasintha chitenje. Anapempha zinthu ziwiri: kuti amuna anga akhome bokosi, ndi kuti akalalikire.

Amuna anga anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamawondo. Kenaka anati, "Bambo, pepani. Sindingaime pamanda n'kuuza anthu a Mulungu kuti tikuika m'bale wathu, m'bokosimo muli nthochi. Limenelo ndi bodza, ndipo ndingalinene Baibulo lili m'manja."

Mkulu wina anayankha mofatsa kuti palibe amene anamizidwe, ngakhale mwana akudziwa chimene chili m'bokosimo. Amuna anga anati ndiye n'choipa kwambiri, mpingo wonse kugwirizana pa sewero. Analonjeza mapemphero a chitonthozo tsiku lililonse, koma manda ayi. Akuluakuluwo anatsanzika bwinobwino, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti zinthu zaipa.

Mwina mungafunse kuti bwanji sanangoika okha. Kumpingo wa makolo ake a mlamu anati malemuyo sanali wa m'kaundula mwawo, ndipo mkaziyo anachokako yekha potsatira mwamuna. Kuika popanda wolalikira akuluakulu anakana, ati kumeneko n'kutaya galu, ndipo abale a kutsidya adzati anamukwirira mobisa. Choncho aliyense anali ndi chifukwa chomveka, ndipo mlamu wanga anatsala pamphasa.

Ndinkamupititsira chakudya. Chipinda chinali chamdima, chonunkha thukuta ndi utsi wakale. Mkazi amene ankanyamula beseni la nsomba osathandizidwa anayamba kuoneka mafupa a m'khosi. Tsitsi linapotana, nsabwe zinalowa. Malo ake a pamsika anakhalapo wina. Ana anasamukira kwathu, ndipo wamng'onoyo analeka kufunsa za bambo ake n'kuyamba kufunsa ngati amayi ake amangidwa. Mayi athu ankaimba foni kuchokera kumudzi, funso lake limodzimodzi, ngati tamuika. Ndinkati tikukonza.

Kunyumba ndinamenya nkhondo. Ndili ndi pakamwa, ndipo ndinapagwiritsa ntchito. Ndinawauza kuti maliro n'kulirana, kuti m'Baibulo lawo lomwelo muli anthu amene manda awo sadziwika koma analiridwa mpaka kumaliza. Anandiyankha kuti eya, analiridwa, koma palibe anawakwiririra nthochi. Ndinawafunsa ngati wolemba buku lonenepalo anaonapo bwato litagubuduzika. Anati choonadi sichisintha chifukwa cha nyanja. Tsiku lina ndinawaopseza kuti katoni yonseyo ndisonkhezera moto, iwo anangoinyamula n'kukaitsekera kumene amapalira matabwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: munthu amene ndinkafuna kumuswa mutu anali yemweyo bambo wa ana anga, ndiponso mlaliki yekhayo amene tinali naye.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti sanali munthu wankhanza. Akanakhala wankhanza bwenzi ndikudana nawo mtima uli m'malo. Mlamu wawo womirayo ankamukonda, ndipo ndinawapeza kangapo akulira kuseri kwa nyumba. Tsiku lililonse ankapita kukakhala pakhomo la namfedwayo n'kumuwerengera Mawu m'Chiswahili, iye akuyang'ana khoma. Nawonso anawonda. Pa phunziro la Baibulo la Lachitatu anthu anayamba kuchepa, iwo n'kumati umu ndi mmene zinkakhalira ndi okhulupirika akale. Ndinazindikira kuti kuvutika kwawoko kunkawatsimikizira kuti akulondola, ndipo ndinachita mantha.

Mwezi utapitirira, m'mawa wina kunabwera uthenga wakuti kufupi ndi Ngumbo madzi alavula mtembo pakati pa miyala. Akuluakulu analola kuti mlamu atuluke akauone, poti wozindikira mwamuna ndi mkazi wake. Tinakwera bodaboda, njinga yamoto ya hayala, iye pakati ine kumbuyo, nditamugwira kuti asagwe. Amuna anga anatsatira pa ina.

Tinapeza anthu ataima patali atatseka mphuno, pamodzi ndi a boma amene anabwera kudzalemba. Za nkhope sindinena, panalibe nkhope. Zovala zinali kabudula wakuda, wonga amene msodzi aliyense amavala. Amuna anaima kumbuyo, ife awiri tinasendera pafupi. Ine maso anga anathamangira kuphazi lamanzere. Mlongo wanga analibe chala chachikulu cha phazi limenelo, anadzidula ndi nkhwangwa tili ana, ndipo ndine ndinamubereka kumsana kupita naye kwa amayi. Munthu amene anagona pamiyalapo zala zake zinali zonse.

Mlamu anaonanso. Ndikudziwa chifukwa anayang'ana phazilo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine. Anamasula kansalu kamene anafunda kumutu, nawerama n'kuphimba mapazi onse awiri. Wa boma atamufunsa, anayankha ndi mawu osanjenjemera, "Ndiye. Ndi mwamuna wanga."

Wa boma uja anatembenukira kwa ine monga mlongo wake wa malemu. Ndinayang'ana khosi la mlamu wanga, ndinagwedeza mutu kuvomera. Amuna anga anagwada pamchenga n'kuyamika Mulungu mokweza.

Bokosi anakhoma okha tsiku lomwelo, la matabwa abwino amene ankasungira chitseko cha tchalitchi. Mawa lake analalikira, ndipo pa zaka zonse zimene ndakhala nawo sindinamvepo ulaliki wonga umenewo. Unali ndi mutu, mfundo zake zoyalana bwino monga anawaphunzitsira ku Mbinga, ndi moto umene mabuku sapereka. Anati tikanathamangira bodza bwenzi lero m'bale wathu akusowa pogona, manda ake mutagona nthochi. Anati Mulungu amalemekeza odikira m'choonadi. Anthu amene anathawa phunziro la Lachitatu ankavomera ameni misozi ili mbwee. Ngakhale mkulu uja wa ku Ngumbo anadzawagwira chanza ndi manja awiri. Ine ndinalira kwambiri kuposa onse, ndipo anthu ankati ndikulira mlongo wanga, zimene zinali zoona ndithu, chifukwa iye anali akadali m'madzi.

Mlamu anametedwa, anasamba, anadzuka. Patapita masabata angapo anapeza malo ena pamsika, kumapeto kwenikweni kufupi ndi ogulitsa makala. Ana anabwerera kwa mayi wawo. Mayi athu analeka kuimba foni ya funso lija. Ine ndi mlamu sitinakambepo za phazi, ngakhale tili awiri.

Tsiku lina masana, amuna anga akupala thabwa pakhomo, kunafika mayi wachikulire, nsapato zili m'manja, miyendo yoyera ndi fumbi. Anachokera kumidzi ya kumpoto kwa gombe. Anati mwana wake wamwamuna anamira nyengo yomweyo ya mwera, ndipo wakhala akuyenda mudzi ndi mudzi kufunsa. Ku Ngumbo anamuuza za mtembo umene unaikidwa ndi mpingo wa Amalawi. Ndinamupatsa madzi.

Amuna anga anaika pansi chopalira, namuuza mwachifundo kuti pole, pepani, koma ameneyo anali wathu, anamuzindikira mkazi wake ndi mlongo wake weniweni, uyu ali apayu. Mayiyo anandiyang'ana, nandipepesa chifukwa cha imfa ya mlongo wanga. Kenaka anati basi, abwerera, akawauze adule mgomba. Abale akhala akumukakamiza, mpongozi wake ali pamphasa ndi mwana wa kubere, koma iye anawapempha kuti adikire kufikira atamva za mtembo umenewu.

Apo amuna anga anakoka mpando. Anamufotokozera umboni wonse, mmene anthu anawanenera, mmene ngakhale mkazi wawo anawaukira, ndi mmene Mulungu anabwezera thupi pa nthawi yake. "Mama, musakwirire bodza," anatero. "Dikirani. Amene anatibwezera wathu adzakubwezerani wanu." Anamupempherera atamusanjika dzanja pamutu, ndipo nkhope ya mayiyo inawala ngati ya munthu amene wapatsidwa mankhwala.

Ndinati ndimuperekeze. Titafika pamsewu, pamene amuna anga sakanamva, ndinamugwira mkono. "Mama, mverani ine. Pitani mukadule nthochiyo mawa lomwe. Mudzutseni mwanayo pamphasa. Nyanja sidzakupatsani kanthu."

Anachotsa mkono wake pang'onopang'ono, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati tsopano wamvetsa zimene baba mchungaji amanena za mkazi wawo. Anati iwe wako unamuika, uli ndi poti ukagwade, ndiye ukufuna ine ndikagwadire nthochi? Ndinafuna kumuuza za phazi lija. Koma kunena kukanabweza mlamu wanga pamphasa ndi kufukula manda.

"Ndidikira," anatero mayiyo. Anavala nsapato zake n'kuyamba ulendo wobwerera kumpoto.