Malekodi a Atate M'chaka cha Madzi

Zenera la nyumba yathu ku Kanyama linali limodzi, lalikulu ngati thireyi ya mazira, ndipo galasi lake linasweka ine ndisanabadwe. Amai ankatsekapo ndi katoni. Ndikutchula zenerali mwaulemu waukulu, chifukwa pa sukulu zonse zimene ndinalowamo, kuphatikizapo koleji ija tinasiyana nayo mwamtendere, ndi lokhalo limene ndinamaliza maphunziro ake.

Akulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo pa mvula ya chaka chimenecho madzi anakumbukira kuti khwawa lawo linali m'nyumba mwathu. Zimbudzi za m'komboni zinasefukira, fungo lake n'kusakanikirana ndi la malasha onyowa ndi mabulangeti osauma. M'mawa amai akamapita kumsika, atate kokafuna ganyu, ankakhoma loko kunja kuti ine ndi mlongo wanga wamkulu, Misozi, tisaponde madzi a matenda. Dziko lathu linali bedi. Mbaula inkakhala patebulo, ndowa pakona, achule pansi. Tinkasewera nsolo ndi nyemba pathumba la ufa mpaka nyembazo zinafunika kuphikidwa.

Pamwamba pa kabati panali bokosi la malekodi a atate, amene anabwera nawo kuchokera ku Luanshya ntchito ya kumgodi itatha. Galamafoni anali nayo, koma nyumba inalibe magetsi, amene kwathu timati malaiti. Lamlungu ankawatulutsa, kuwapukuta ndi mpango, n'kuwabwezera. “Malaiti yakabwela, muzamvela nyimbo,” ankatero. Tinakula tikudziwa nyimbozo ndi maso okha. Kukhudza bokosilo unali mlandu woposa kutukwana m'tchalitchi, ndipo tonse tinkadziwa kuti atate akupirira Kanyama chifukwa cha tsiku lobwera malaitilo.

Tsiku lina lata linadontha pamwamba penipeni pa bokosi. Misozi anapulumutsa malekodi, n'kuwayanika mozungulira mbaula, monga mmene munthu wanzeru amachitira ndi chinthu chonyowa. Imodzi, ya chizindikiro chofiira pakati, imene atate ankaipukuta kawiri, inalefuka n'kupindika ngati chitumbuwa. Ine ndinayamba kulira maliro a Misozi iye akadali moyo. Iye anaiyang'ana nthawi yaitali, anaifewetsanso pamoto, n'kuiwongola poikhalira pansi pa thabwa. Inawongoka, koma timizere ta nyimbo tinali titafafanizika. Kenako anatentha msomali mpaka kufiira, anaugwira ndi chiguduli, n'kuyamba kuboola. Utsi wake unali wowawa, wokanda kukhosi, ndipo tinalibe kothawira. Dzuwa lisanapendeke anali atadulamo minibasi, kondakitala atalendewera pachitseko. Anachotsa katoni yonyowa ija, n'kuika lekodiyo pazenera. Kuwala kunadutsa m'mabowo, minibasi yoyera inaima pakhoma, ndipo dzuwa likamayenda nayonso inkayenda pang'onopang'ono kulowera kuchitseko chokhoma.

Loko inalira madzulo. Atate analowa atanyamula nsapato m'manja, matope mpaka m'mawondo, ganyu osaipeza. Anaona chizindikiro chofiira pazenera.

“Nindani wachita ivi?”

“Nine, batate,” anatero Misozi. “Inapya.”

Atate anakhala pabedi osasamba n'komwe. Anayang'ana khoma mpaka minibasi inazimiririka, ife tikudikira lamba. M'malo mwake anayamba kuimba motsitsa, m'Chibemba, nyimbo imene inali mu lekodi imeneyo. Mawu awo anali oipa ndithu, ndiyenera kunena zoona, koma aka kanali koyamba kumva chilichonse chochokera m'bokosi lija. Atamaliza anatulutsa lekodi ina n'kupatsa Misozi kuti adule.

“Iyi sin'naikondepo. Jubapo njila ya ku Luanshya. Uikeko na mitengo.”

Mvula yonseyo loko inkakhomedwabe, ndipo bokosi linkapepuka. Misozi anadula nsanja ya mgodi monga mmene atate anaifotokozera, sitima, mlatho, mbalame zimene ku Kanyama kulibe. Zina tinkasinthanitsa pazenera, zina amai anazikhoma pakhoma ndi misomali, akudandaula za utsi. Madzi ataphwa, nyumba inali itadzaza malo amene sitinapiteko.

Malaiti anafika ndili sekondale. Atate analumikiza galamafoni, inazungulira bwinobwino, ndipo tinaionerera ikuzungulira yopanda kanthu. Masiku ano ndimaona malekodi odulidwa choncho m'masitolo a m'tauni, ataikidwa mawotchi pakati, ndipo ndimagwedeza mutu ngati katswiri. Misozi anakwatiwa kukomboni ya George, mtunda wa minibasi imodzi, ndipo amagulitsa tomato. Atate ku Luanshya sanabwerereko. Lekodi yofiira ija ikadali pazenera, chifukwa galasi sitinagule, ndipo dzuwa likapendeka minibasi imanyamuka pakhoma, kufika pachitseko, n'kuima pomwepo.