Nsalu Yoyera ya Amayi

Amayi anga ndi atelala. Makina awo amakhala pakhonde la sitolo ya nsapato, pafupi ndi bambo wokonza mafoni. Ana ambiri a m'dera lathu anatuluka kuchipatala atavala timalaya tosoka iwo. Lamulo lawo ndi limodzi, ndipo tinakula tikulimva mpaka kutopa nalo: nsalu sadula usanaone mwini wake, chifukwa ukadula wadula.

Atakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu anasiya kusamba, nati ndi ukalamba basi. Pomwe ankazindikira kuti ndi mimba, ine mwana wawo woyamba ndinali kale ndi pakati. Ndiye anachita zimene telala yekha angaganize. Anayamba kumasula misoko ya madiresi awo n'kumaika kansalu m'mbali, pang'onopang'ono. Anthu ankangoti Mayi Telala anenepa, geni ikuyenda. Bambo ankadziwa, koma anauzidwa kuti atseke pakamwa, ndipo Bambo akauzidwa amamvera.

Miyendo itatupa, Amayi anati ndi kupalasa makina. Mutu ukawawa, ati phokoso la msewu. Maso atayamba kuona tinyenyezi, ulusi n'kumakana kulowa pa singano, anakagula magalasi pamsika. Chilichonse chinali ndi yankho lake, ndipo mayankho onse ankachokera pa makina aja.

Ndinazitulukira tsiku limene ndinapita kuti andiyeze diresi. Atawerama ndi tepi, ndinaona tinsalu tamitundumitundu tatsatizana m'nthiti mwa diresi lawo. Ndinagwira pamimba pawo. Chinachake chinandigunda m'dzanja.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Chotsa dzanja. Pano ndi pamsewu."

"Kusikelo mwapitako?"

"Ndikakhale benchi limodzi ndi iwe? Ndi atsikana amene ndinawasokera ndekha yunifolomu? Azikati agogo awa sakupuma?"

Ndinapsa mtima. Ndinawauza zimene anamwino amatiuza, kuti kutupa, mutu ndi maso a chifunga ndi zothamangira kuchipatala, makamaka kwa mayi wamkulu, chifukwa magazi amathamanga mosachenjeza. Ndinati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinagwada pakhonde pomwepo ndi mimba yangayo, wamafoni akuyang'ana kumbali.

"Ndimalize kaye madiresi a ukwati a eniake," anatero. "Ndipita."

Sanamalize. Anagwa pampando masana dzuwa likuswa mtengo, thupi lonse likugwedezeka, tepi ili m'khosi. Wamafoni ndiye anaimitsa galimoto.

Adokotala sanazungulire. Anati kuti Amayi apulumuke, mwana atuluke tsiku lomwelo, ngakhale masiku ake anali kutali. Anati pa msinkhu wawo vutoli limabwera kawirikawiri, koma akanabwera msanga akanaliona n'kulichepetsa. Mawu amenewo anandiwawa kuposa onse, ndipo mpaka pano amandiwawa.

Mlongo wanga anabadwa kamunthu kokwana m'manja muwiri. Anamuika m'kabokosi kagalasi, timapaipi m'mphuno, kachifuwa kakukwera ndi kutsika ngati ka mwanapiye. Tikafunsa, anamwino ankangoti, "Akulimbana." Amayi, amene aveka ana a anthu onse, analibe ngakhale kachipewa ka mwana wawo. Ankaopa kuti wina awaona akusoka.

Atayamba kukhala tsonga anandituma chikwama chawo. Pansi pake panali nsalu yoyera yofewa, yopindidwa bwino, yosadula. Anaigula kalekale n'kuibisa. Azakhali, alongo awo a Bambo, ataiona anaigwiragwira n'kutsitsa mawu.

"Mlamu, musaidule kaye imeneyi. Sizidziwika. Mwina ingafunike yathunthu."

Tonse tinamva zimene ankatanthauza. Ndinafuna kuwakankhira panja, koma m'mawa womwewo namwino anali atandiitanira pambali, ndipo zimene anandiuza sizinasiyane kwenikweni ndi za azakhali.

Amayi anati ndiwakankhe pa njinga ya odwala mpaka pa kabokosi kaja. Anatambasula zala pagalasi n'kumuyeza mwanayo, kuyambira paphewa mpaka m'chiuno, kenako kamkono. Milomo yawo inkawerenga chamumtima.

"Ndamuona mwini wake," anatero. "Patse sizasi."

Titabwerera, anadula ali pabedi, mizere ikukhota, zimene sindinazionepo chibadwire. Anadula kamalaya, kachipewa, kamalaya kena, kenanso. Kachidutswa kotsala anakang'amba pakati.

"Amayi, tachuluka timeneti. Mwamaliza nsalu yonse."

"Ndi zimene ndikufuna," anatero osandiyang'ana. "Isatsale yoti amukulungiremo."

Kenako anafunafuna bowo la singano, kawiri, katatu, ulusi ukungodutsa pambali. Anandipatsa zonse ziwiri.

"Ndilowetsere, mwana wanga. Fulumira."