Umboni wa Agogo M'ngalande Yakale

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la masangwi a mtedza akufuka m'munda nthawi yososa, ndi mawu awo akulalata kuseri kwa utsiwo. Wolalatiridwa anali yemweyo chaka ndi chaka: a Tembo, amene munda wawo unagundana ndi wathu kufupi ndi Kachebere. Ankalimbirana mizere ingapo ya dothi lakuda, yobereka mtedza mochititsa kaduka. Agogo ankati malire ndi ngalande yakale yokwiririka, imene amati anakumba apongozi awo. A Tembo ankati malire ndi khonje. Mizere ija inali pakati.

Chaka china kunabwera ophunzira a kuyunivesite ofufuza zinthu zamakedzana. Anamanga zingwe pangalandepo n'kumapala dothi ndi timipeni, mpaka agogo anawamvera chisoni.

"Ana inu, khasu lilipotu. Ndikubwerekeni?"

Koma atamva kuti anawo akufuna mapale osonyeza eni malo oyambirira, maso awo anawala. Ataona kuti umboni ukuchedwa kutuluka, anaganiza zouthandiza. Anatenga mphika kukhitchini, n'kuuphwanya, n'kukakwirira mapale ake m'ngalande ophunzira aja atapita kukadya.

Mapalewo atafukulidwa, agogo anaitana mudzi wonse.

"Mwaona? Wa apongozi anga uwu! Ankaphikiramo nyama ya ntchefu!"

Ophunzira ananunkhiza phale limodzi n'kuyang'anana. Agogo aakazi anadutsa pakati pa anthu, nalitola.

"A Phiri, mphika wanga wa nyemba uwu. Ndausaka mpaka ndakwapula mwana wosalakwa."

Mwana wosalakwayo ndinali ine.

A Tembo anaseka mpaka kukhala pansi. Kenaka ophunzira anafotokoza kuti mapale enieni anali pansi kwambiri, ndipo ngalandeyo inapitirira mpaka ku Zambia. Anaikumba anthu akale kwambiri, oti ngakhale mayina awo palibe akuwadziwa. Akuluakulu a m'mudzi sanachedwe: mizere inapita kwa a Tembo. Pobwerera, agogo aakazi anathirapo ndemanga anthu onse akumva: "Akamwini awiri kulimbirana minda ya akazi anu, manyazi mulibe!"

Tsiku limenelo ndinawaona agogo aamuna ali chete koyamba, ndipo ngakhale mkwapulo unali ukundiwawabe, ndinawamvera chisoni. Anakhala m'mphepete mwa dzenje limene ophunzira anakumba akusuzumira pansi.

"Nawonso ankakumba kuti, 'Apa mpanga,'" anandiuza. "Nanga ali kuti?"

Nzeru zimenezi zinagona tsiku limodzi lokha. Kutacha, anali akulalatanso.

Agogo anamwalira mizere ija isanabwerere kwathu. Ine ndinakwatiwa ndi mdzukulu wa a Tembo, ndipo amalume ake anamupatsa chigawo chomwecho. Amachilima yekha, mtedza n'kumalowa m'nkhokwe yanga. Chaka chilichonse pokolola ndimawasowa agogo. Ndimalakalaka atadzuka ngakhale kamphindi, aone magazi a Tembo akukhetsa thukuta kulimira banja lathu.