Mphete ya Amayi Pafupi ndi Chulu

Amayi anataya mphete yawo yaukwati akukumba mtedza ku Kasenengwa, patangopita miyezi yochepa abambo atamwalira. Ndinabwereka makina ofufuzira zitsulo m'nthaka kwa mnzanga wa ku Chipata, ndipo ndinafika kumudzi ngati katswiri, chonsecho ndinali ndisanawagwirepo.

Makinawo ankangolira paliponse. Ndinafukula misomali, zitsekerero za mabotolo, kachidutswa ka khasu. Pofika masana m'manja munali matuza okhaokha. Titayandikira chulu analiranso, koma motsika kwambiri.

"Nanga apa, mwanangu?" anafunsa amayi. "Tsiku lija ndinapumira pompano."

"Ayi amama, uwu ndi msomali. Mphete silira chonchi."

Sindinkadziwa n'komwe kuti mphete imalira bwanji. Ndinkangofuna mthunzi basi. Amayi anavomera, nandithokoza.

Pobweza makina, mnzanga uja anandiuza kuti kanthu kakang'ono kokwiririka pansi kamalira motsika chomwecho. Ndinati ndidzabwerera, koma ndinazengereza, mpaka oumba njerwa anagumula chulu chonse ndi dothi lozungulira.

Mpaka lero amayi amauza alendo monyadira kuti mwana wawo anafufuza munda wonse, sanasiye paliponse.