Chigubu cha madzi pachitunda

Amuna anga ankakonda kuthamanga. Akaweruka kumunda wa fodya, ankathamanga mumsewu wochoka ku Mitundu kulowera ku Malingunde, anthu n'kumawaseka. Ulendo woyamba kupita kumpikisano wothamanga wa mumzinda wa Lilongwe anabwerako milomo itang'ambika, chifukwa madzi a othamanga anatha iwo asanafike n'pakati pomwe. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse ndinkakwera minibasi ndi chigubu cha madzi n'kukawadikira pachitunda pamene ankatopera.

Anamwalira m'dzinja. Tsiku la mpikisano litafika, ndinadzaza chigubu chija n'kupitabe, ngakhale ndinalibe woti ndikamumwetse.

Ndinapeza zinthu zitasintha. Pachitunda paja panali tebulo lodzaza mabotolo a madzi, ambulansi itaima pambali, komanso anthu olozera njira ndi mbendera. Othamanga ankangotola botolo n'kudutsa. Ndinachita manyazi ndi chigubu changa, ndipo ndinaganiza zobwerera.

Kumapeto kwenikweni kunatulukira bambo ena aimvi a ku Nathenje, amene ankathamanga limodzi ndi malemu. Anapitirira tebulo lija n'kudzaima pamene ndinali.

"Alamu, mwabwera ndithu?" anatero akupuma mwawefuwefu. "Chaka chino akonza bwino, madzi tamwa mpaka mimba kulira. Koma a pachitsime cha ku Mitundu ndiwasiye?"

Anamwa, otsalawo n'kudzithira kumutu.

"Chaka chamawa mudzaime pomwepa. Mukadzapanda kubwera, chitundachi sindidzakwera."

Nditafika kunyumba ndinatsuka chigubucho n'kuchipachika pamsomali wake, kuti ana asamatungire madzi chingabooke.