Pepala Lachikasu Pachitseko Changa

Achimwene anga a Setsuo anagwira ntchito imodzi kwa zaka makumi atatu: kuyerekeza manambala a zivomezi. Makina akalemba mmene nthaka yagwedezekera, iwo ankaona ngati mphamvu yake, liwiro lake ndi kutalika kwa nthawi yake zimayendera limodzi, kuti omanga milatho asamange m'chimbulimbuli. Kwathu sitinkatolapo kanthu. Amayi anamwalira akuuzabe anthu kuti mwana wawo amalosera za mvula.

Achimwenewo ndi munthu wosadziwa kunena "inde". Ngakhale muwafunse ngati mpunga wapsa, amati "mwina", ndipo ine zimenezi zandipsetsa mtima kuyambira ubwana.

Chivomezi cha m'Febuluwale, wailesi inati kwathu kuno sichinali choopsa kwenikweni. Nyumba ya a Kurumada tsidya la msewu sinang'ambike mpang'ono pomwe. Yanga, yomangidwa pomwe kale panali dambo la mpunga, inapendekeka moti lalanje ukaliika pansi limapita lokha kukhitchini. Oyendera nyumba anamata pepala lachikasu pachitseko: si lofiira loti tuluka, si lobiriwira loti khala. Mwana wanga anandiitana kuti ndisamukire kwake mumzinda wa Sendai, pansanjika ya 14. Ine, wazaka 71, ndinachita mantha ndi zonse ziwiri.

Ndinawaitana achimwene.

"Inu odziwa, ndikhale kapena ndipite?"

"Iwe Fumie, chogwedeza mothamanga chimagwetsa nyumba zazifupi. Chopendetsa pang'onopang'ono chimavutitsa zazitali. Chokhalitsa chimasandutsa nthaka yakoyi phala."

"Nanga chikubweracho ndi chiti?"

"Nthawi zina zimabwera pamodzi. Nthawi zina ayi."

"Zaka zonsezi mumakawotha dzuwa kuntchitoko eti? Bola mphaka wa a Kurumada, amathawirako panja!"

Sanakwiye. Anavula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya. Ndinamva chisoni, koma sindinapepese. Anamwa tiyi wawo n'kunyamuka.

Patatha masiku atatu, masana, ndinawaona akutsika basi, atabereka zofunda kumsana ngati mwana, m'manja muli kachikwama ka mankhwala awo a mtima. Analowa, anavula nsapato, n'kuyala zofundazo m'chipinda chakumunsi, kumene nyumba yapendekera.

"Achimwene, ndiye kuti ndi yolimba?"

"Sindikudziwa, mlongo wanga. Ndawerengera masiku atatu, sindikudziwa. Ndangoti chivomezi chikabweranso chisakupeze uli wekha."