Chithunzi cha Achimwene pa Kilimanjaro

"Inu ndinu ndani kuti mukwirire chithunzi cha eni?"

Anandikalipira choncho a Mbewe, mlongo wawo wa alamu anga, kunja kusanache, m'khitchini ya nyumba ya siwa ku Evington, kuno kudziko la azungu. Ndinawayankha kuti ndine mng'ono wa malemu, osati mlendo wodzadya mpunga. Ndinamenya tebulo, azimayi amene anachezera kuimba pabalaza n'kuleka nyimbo.

Chithunzicho n'chakale, chakuda ndi choyera. Achimwene anajambulitsa ali mnyamata, akunyamulira azungu katundu paphiri la Kilimanjaro, ataima patsinde pa khoma la madzi oundana lotalika kuposa nyumba. Atapitakonso imvi zili mbuu, anapeza miyala yokhayokha. Dziko latentha, khoma linasungunuka. Kuchipatala anandiuza kuti, "Undiike nacho. Ine ndi khomalo tonse tatha." Ndinavomera.

A Mbewe ankati mlongo wawo alibe china chowaonetsa amuna awo ali mnyamata. Ndinati ajambule ndi foni. Ndinachichotsa m'felemu, n'kuchiika m'thumba la jekete.

Kunacha ndi mvula yowaza. Kuseri kwa nyumba azimayi ankaphika pa mbaula za gasi atafunda majekete pamwamba pa zitenje. Anzathu a ku Corby anafika pa minibasi, ena akadali mu yunifolomu ya ntchito ya usiku. Kutchalitchi sindinamve ulaliki, dzanja linali pathumba.

Kumanda tinapeza dzenje lokumbakumba. Kuno adzukulu ndi makina. Bokosi litatsika, tinandanda kuti tiponye dothi. Alamu anaponya lawo, n'kutembenukira kwa ine, maso ali pathumba langa.

"Ponyani, alamu," anatero motsitsa mawu. "Anauza inu."

Akanandilalatira ngati mlongo wawo, ndikanaponya. Ine mkangano ndimautha. Koma izi ayi. Ndinatulutsa chithunzi, madontho a mvula n'kuyamba kugwerapo, ndinachibweza. Ndinaponya dothi lokha.

Madzulo anthu anabalalika, mipando yobwereka itasanjikizidwa pakhonde. Ndinakwera basi ya ku Spinney Hill, kumene ndimakhala, osatsanzika aliyense. Lonjezo ndinaphwanya, ndikudziwa. Mlanduwo ndikauyankha ndekha ndikadzawapeza achimwene.

M'mawa mwake ndinabwerera ku Evington ndi chithunzi chija, hamala ndi msomali. Anatsegula chitseko ndi a Mbewe. Sindinawapatse moni. Ndinawadutsa, n'kufunsa alamu khoma limene akufuna.